Andreas Grüntzig

Andreas Roland Grüntzig anali dokotala wa ku Germany amene anayambitsa njira yotsegula mitsempha ya magazi yopanikizika pogwiritsa ntchito kabaluni. Anabadwa pa 25 Juni 1939 mumzinda wa Dresden ndipo anamwalira pa ngozi ya ndege pa 27 Okutobala 1985 m'chigawo cha Georgia ku America, ali ndi zaka 46. Pa 16 Sepitembala 1977, mumzinda wa Zurich ku Switzerland, anakhala munthu woyamba kutsegula mtsempha wa mtima wa wodwala amene anali maso, popanda kung'amba chifuwa. Njira imeneyi madokotala amaitcha angioplasty. Asanayese pa anthu, anayamba wayesa pa agalu. Vuto lalikulu limene anasiya lisanathe linali lakuti mwa odwala ambiri mtsempha umapanikizikanso pakapita miyezi yochepa, ndipo vutoli ndi limene linachititsa kuti akatswiri ayambe kafukufuku wa zaka zambiri pa akalulu, makoswe ndi nkhumba. Ku America dzina lake limalembedwa kuti Gruentzig.

Ubwana ndi maphunziro

Bambo ake, Wilmar Grüntzig, anali mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anatengedwa kukagwira ntchito yoona zanyengo ku gulu la asilikali a ndege, ndipo sanabwerere. Mayi ake, Charlotte, anatsala okha ndi ana awiri aamuna, Johannes ndi mng'ono wake Andreas. M'chaka cha 1950 banjali linasamukira ku Argentina kumene kunali achibale, koma patapita zaka ziwiri linabwerera ku Germany n'kukakhala ku Leipzig, mzinda umene pa nthawiyo unali m'dziko la East Germany.

Andreas anaphunzira pa sukulu yakale yotchedwa Thomasschule ndipo anamaliza mu 1957 atakhoza bwino. Boma la East Germany linkasankhira achinyamata ntchito zoti aphunzire, ndipo iye ankafuna udokotala. Choncho anathawira ku West Germany, kutsatira mkulu wake amene anali atapita kale ku Heidelberg. Anayamba maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Heidelberg mu 1958 n'kumaliza mu 1964. Mkulu wakeyo anadzakhala dokotala wa maso.

Atamaliza sukulu anagwira ntchito m'zipatala zingapo za ku West Germany. Anaphunziranso za mmene matenda amafalira pakati pa anthu ndi mmene amawerengera odwala, ndipo ena mwa maphunziro amenewa anakachitira ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Maphunzirowa anamuthandiza pambuyo pake, chifukwa anazolowera kulemba bwinobwino zotsatira za wodwala aliyense, zabwino ndi zoipa zomwe. Pa chipatala cha matenda a mitsempha ku Darmstadt ndi pamene anayamba kuona anthu ambiri ovutika kuyenda chifukwa cha mitsempha ya m'miyendo yotsekeka. Mu 1969 anasamukira ku Zurich, kumene anayamba ntchito pa chipatala cha yunivesite limodzi ndi Alfred Bollinger, katswiri wa matenda a mitsempha.

Matenda amene ankalimbana nawo

Mtima umapopa magazi kupita m'thupi lonse, koma nawonso umafuna magazi kuti ugwire ntchito. Magaziwo amafika kudzera m'timitsempha toyanga pamwamba pa mtima, tomwe kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita atatu. Munthu akamakula, mafuta ndi zinthu zina zimatha kuunjikana m'khoma la mtsempha ndipo njira ya magazi imachepa. Kusuta fodya, kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kuchuluka kwa mafuta m'magazi zimafulumizitsa vutoli. Wodwala amamva kupweteka kapena kupanikizika pachifuwa akamayenda kapena kukwera chitunda. Mtsempha ukatsekeka kotheratu, gawo la mtima limafa ndipo munthu amatha kumwalira mwadzidzidzi.

Pa nthawi imene Grüntzig ankayamba ntchito, madokotala anali atadziwa kale kujambula mitsempha ya mtima. Mason Sones wa ku Cleveland anatulukira njirayi mu 1958, yothira mankhwala ooneka pa X-ray kudzera m'kachubu. Mu 1967 René Favaloro anakhazikitsa opaleshoni ya bypass, imene amatenga mtsempha wa kumwendo n'kuulumikiza kuti magazi alambalale malo otsekekawo. Opaleshoniyi imathandiza, koma imafuna kung'amba chifuwa, kugoneka wodwala ndi mankhwala, ndiponso milungu yambiri yochira.

Kabaluni kopangidwira kukhitchini

Pa 16 Januwale 1964, Charles Dotter wa ku Portland ku America anatsegula mtsempha wa kumwendo wa mayi wina wazaka 82 polowetsa timachubu tolimba tosiyana kukula, kakang'ono poyamba kenako kokulirapo. Madokotala ambiri a ku America sanaikonde njirayi, koma ku Germany Eberhard Zeitler anaipitiriza. Grüntzig anamva Zeitler akufotokoza za njirayi, anapita kukaonerera mmene amachitira, ndipo mu 1971 anayamba kuigwiritsa ntchito ku Zurich.

Njira ya Dotter inali ndi vuto. Kuti mtsempha utseguke mokwanira pankafunika chubu chachikulu, ndipo chubucho chinkasiya bowo lalikulu polowera. Chinkathanso kukokolola zinthu za m'khoma la mtsempha n'kuzikankhira kutsogolo. Grüntzig anaganiza kuti ndi bwino kulowetsa kachubu kakang'ono kokhala ndi kabaluni kunsonga, kamene kangafufumitsidwe kakafika pamalo opanikizika n'kuphwetsedwanso potuluka.

Panalibe kampani imene inkapanga chipangizo chotere. Kwa zaka pafupifupi ziwiri, madzulo akaweruka, iye ndi mkazi wake Michaela, wothandizira wake Maria Schlumpf ndi mwamuna wake Walter ankayesa kupanga timabaluni patebulo la kukhitchini kwawo. Timabaluni ta labala sitinathandize, chifukwa tikakumana ndi malo olimba tinkangofufuma mbali ziwiri n'kusiya pakati pali popanikizika. Heinrich Hopff, pulofesa wopuma wa chemistry ku Zurich, anawalangiza kuti ayese pulasitiki ya PVC. Pulasitikiyi ikatenthedwa n'kuumbidwa imafufuma mpaka pamlingo umene anaiumbira basi, ndipo imakhala yolimba mokwanira kukankha khoma la mtsempha.

Pa 12 Febuluwale 1974 Grüntzig anagwiritsa ntchito kabaluni kotere koyamba pa mtsempha wa pantchafu wa bambo wina wazaka 67, ndipo bamboyo anayambanso kuyenda bwino. Mu 1975 anapanga kachubu kokhala ndi tinjira tiwiri mkati, kena kofufumitsira baluni, kena kodutsa waya, kuyezera mphamvu ya magazi ndi kuthirira mankhwala. Pambuyo pake kampani yaing'ono ya ku Zurich yotchedwa Schneider inayamba kupanga zipangizozi.

Kuyesa pa agalu

Mitsempha ya mtima ndi yaing'ono kwambiri kuposa ya m'miyendo, ndipo ikatsekeka kwa mphindi zochepa munthu akhoza kufa. Pa chifukwa chimenechi Grüntzig anayamba ndi ziweto. Mu 1975 anayamba kuyesa pa agalu mothandizidwa ndi Marko Turina, dokotala wa opaleshoni ya mtima. Popeza agalu sadwala kawirikawiri matenda ounjikana mafuta m'mitsempha, ofufuzawa ankachita kupanga kupanikizikako. Ankatsegula chifuwa cha galu atamugoneka, n'kumanga ulusi wa silika kuzungulira mtsempha wa mtima kuti njira ichepe. Kenako ankalowetsa kachubu n'kufufumitsa kabaluni pamalo omangidwawo, ndipo ankajambula ndi kuyeza mphamvu ya magazi asanafufumitse ndi atafufumitsa. Poopa kuti mtima ungasowe magazi pamene baluni yatseka njira, anaikanso pampu yokankhira magazi kudzera m'kachubuko.

Kuyesaku kunasonyeza kuti kachubu kangathe kufika mumtsempha wa mtima umene ukugunda, kuti mtsempha ungathe kufutukuka osaphulika, ndiponso kuti magazi amayambanso kuyenda. Mu Novembala 1976 anakaonetsa zotsatirazi pa msonkhano wa American Heart Association ku Miami. Ambiri mwa amene anaona anakayikira. Chifukwa chawo chinali chomveka: ulusi womangidwa pa mtsempha wa galu wathanzi ndi wosiyana ndi mafuta amene aunjikana m'khoma la mtsempha wa munthu kwa zaka makumi angapo. Ena ankaopa kuti zidutswa zingathothoke n'kukatseka timitsempha ta kutsogolo. Mmodzi mwa okayikirawo anali Spencer King wa ku yunivesite ya Emory, amene pambuyo pake anadzakhala mnzake wa pantchito.

Pofuna kuyankha mafunsowa, Grüntzig anayesa pa mitsempha ya anthu omwalira. Mu Meyi 1977 anapita ku San Francisco kwa Richard Myler, ndipo pa chipatala cha St. Mary's anayesa kabaluni pa odwala amene anali kale pa opaleshoni ya bypass, chifuwa chili chotsegula. Anaona kuti mtsempha ukufutukuka ndipo zidutswa zoopedwazo sizinali vuto lalikulu.

Wodwala woyamba

Atabwerera ku Zurich anadikira miyezi ingapo kuti apeze wodwala woyenera. Åke Senning, mkulu wa opaleshoni ya mtima pa chipatalacho, anavomera kukhala wokonzeka kuchita opaleshoni ngati zinthu zitalakwika. Wodwalayo anapezeka mu Sepitembala 1977. Anali bambo wogulitsa inshuwalansi, wosuta fodya, wazaka 38 ngati Grüntzig yemwe. Anali ndi malo amodzi opanikizika kwambiri mumtsempha waukulu wotsikira kutsogolo kwa mtima. Grüntzig anamufotokozera kuti njirayi inali isanachitikepo pa munthu ali maso, ndipo bamboyo anavomera.

Pa 16 Sepitembala kachubu kanalowetsedwa pa mtsempha wa m'mphechepeche, kanayendetsedwa mpaka kumtima, ndipo kabaluni kanafufumitsidwa kawiri kwa masekondi ochepa. Pampu ya magazi imene anakonzekera nayo sinafunike. Zithunzi zinasonyeza kuti njira yatseguka ndipo ululu wa pachifuwa unatha. Bamboyo anasiya fodya. Atamujambulanso mu 1987 ndi mu 2000, malo aja anali akadali otseguka.

Mu Novembala 1977 Grüntzig anafotokoza za odwala ake anayi oyamba pa msonkhano wa American Heart Association, ndipo omvera anamuombera m'manja asanamalize kuyankhula. Mu Febuluwale 1978 magazini ya The Lancet inasindikiza kalata yake yofotokoza odwala asanu. Pa 1 Malichi 1978 Myler ku San Francisco ndi Simon Stertzer ku New York anachita angioplasty yoyamba ya mtima ku America. Mu 1979 Grüntzig, Senning ndi Walter Siegenthaler analemba mu New England Journal of Medicine za odwala 50 oyamba. Njirayi inatheka mwa odwala 32, ndipo asanu anafunika opaleshoni yamwadzidzidzi.

Kuphunzitsa ndi kusamukira ku America

Grüntzig ankaopa kuti madokotala osaphunzira bwino angaphe anthu ndi chipangizochi n'kuchititsa kuti njira yonse iletsedwe. Kuyambira mu 1978 anayamba kuitana madokotala ku Zurich kuti adzaonerere pa wailesi ya kanema iye akugwira ntchito pa wodwala weniweni, ndipo ankatha kumufunsa mafunso nthawi yomweyo. Kaphunzitsidwe kotere kanali kachilendo pa nthawiyo. Ankalimbikitsa kuti dokotala ayambe ndi odwala osavuta, okhala ndi malo amodzi opanikizika, ndiponso kuti chipinda cha opaleshoni chizikhala chokonzeka. Analimbikitsanso kuti zotsatira za odwala onse zizilembedwa m'kaundula mmodzi, ndipo mu 1979 bungwe la boma la America loona za matenda a mtima linayambitsa kaundula wotere.

Ku Zurich ankapatsidwa mabedi ochepa ndi nthawi yochepa m'chipinda chojambulira, moti odwala ankadikira nthawi yaitali. Mu 1980 anavomera kupita ku yunivesite ya Emory mumzinda wa Atlanta, kumene anaitanidwa ndi Spencer King ndi J. Willis Hurst. Kumeneko anathandiza odwala masauzande ndipo maphunziro ake ankabwera madokotala mazanamazana. Zipangizo nazo zinapita patsogolo, makamaka John Simpson atabweretsa kachubu koyenda pa waya woonda umene dokotala amatha kuuwongolera.

Vuto la kupanikizikanso kwa mtsempha

Kuyambira pa odwala oyambirira, Grüntzig ndi Maria Schlumpf ankaitananso anthu kuti adzajambulidwe pakapita miyezi. Apa ndi pamene anaona kuti ena ululu umawabwerera. Mwa odwala 169 amene anawathandiza ku Zurich pakati pa 1977 ndi 1980, njirayi inatheka mwa 133, ndipo mwa amene anajambulidwanso pafupifupi 30 pa 100 alionse mtsempha unali utapanikizikanso pomatha miyezi isanu ndi umodzi. Kaundula wa ku America ndi kafukufuku wa ku Emory anapeza chiwerengero chofanana, cha munthu mmodzi mwa atatu. Vutoli limatchedwa restenosis. Zinaonekanso kuti amene wadutsa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba popanda vuto, kawirikawiri malowo amakhala otseguka kwa zaka zambiri.

Poyamba Grüntzig, monganso Dotter, ankaganiza kuti baluni imangofinya mafuta n'kuwakanikizira kukhoma. Kafukufuku wa pa ziweto ndi pa mitembo cha m'ma 1980, monga wa Peter Block ku Boston, anasonyeza kuti baluni imang'amba mafuta oundanawo n'kutambasula khoma la mtsempha. Izi zikutanthauza kuti angioplasty imasiya bala mkati mwa mtsempha, ndipo thupi limayesa kulipoletsa. Masiku ano zimadziwika kuti pali zinthu zitatu zimene zimachepetsanso njira. Choyamba, khoma limabwerera pang'ono ngati labala baluni ikangophwa. Chachiwiri, maselo a minofu ya m'khoma amachulukana n'kusamukira mkati, n'kupanga chipsera chokhuthala. Chachitatu, pakapita miyezi mtsempha wonse umafwanyala pamene chipsera cha kunja chikuuma.

Agalu a Grüntzig sakanatha kuonetsa vutoli bwinobwino. Mitsempha yawo inali yathanzi, magazi a galu amasungunula msanga magazi oundana, ndipo chipsera cha mkati mwa mtsempha wa galu chimakhala chochepa. Choncho ofufuza anafunafuna nyama zina.

Akalulu, makoswe ndi nkhumba

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, David Faxon ndi anzake ku Boston anagwiritsa ntchito akalulu. Ankawadyetsa chakudya cha mafuta ambiri n'kupala mkati mwa mtsempha wopita kumwendo, ndipo pakapita milungu ingapo mtsempha unkapanikizika. Kenako ankautsegula ndi baluni n'kuona mmene ukupanikizikiranso. Ubwino wake unali wakuti mtsempha unali wodwala kale asanaike baluni. Kuipa kwake kunali kwakuti chotupa cha kalulu chimadzaza ndi maselo a mafuta ofewa, chosiyana ndi cha munthu chimene chimakhala cholimba ndipo nthawi zina chimakhala ndi laimu.

Mu 1983 Alexander Clowes ndi Michael Reidy ku Seattle anafotokoza mwatsatanetsatane zimene zimachitika mumtsempha wa pakhosi wa khoswe ukapalidwa ndi kabaluni. Pomatha milungu iwiri chipsera cha maselo a minofu chimakhala chitakula. Makoswe ndi otchipa ndipo amatha kugwiritsidwa ntchito ambiri, choncho anathandiza kwambiri kumvetsa mmene maselowo amachulukanira. Koma mtsempha wa pakhosi wa khoswe ndi wosiyana kapangidwe ndi wa mtima wa munthu, ndipo ulibe mafuta ounjikana.

Mu 1990 Robert Schwartz ndi anzake ku Mayo Clinic anafotokoza njira yogwiritsa ntchito mitsempha ya mtima ya nkhumba. Ankaika baluni kapena kawaya kokulirapo kuposa mtsempha kuti khoma livulale, n'kuyeza chipsera pakapita masiku 28. Mtima wa nkhumba umafanana ndi wa munthu pa kukula ndi kayalidwe ka mitsempha, moti zipangizo za anthu zimakwanira. Iwo anapeza kuti bala likakhala lakuya, chipsera chimakhalanso chokhuthala. Ku Emory, gulu la Spencer King nalonso linagwiritsa ntchito nkhumba, ndipo kumeneko anayesa kuchepetsa chipsera ndi cheza cha radiation choikidwa mkati mwa mtsempha.

Kafukufuku ameneyu anaphunzitsa akatswiri kusamala. Mankhwala angapo anagwira ntchito pa nyama koma analephera pa anthu. Heparin anachepetsa chipsera mwa makoswe koma sanaletse restenosis mwa odwala. Aspirin pamodzi ndi dipyridamole anathandiza akalulu, koma mwa anthu anangochepetsa ngozi ya magazi oundana m'masiku oyamba. Cilazapril, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anaoneka amphamvu mwa makoswe mu 1989, koma kafukufuku wamkulu wa pa anthu wotchedwa MERCATOR mu 1992 ndi MARCATOR mu 1995 sanapeze phindu. Zifukwa zake n'zingapo. Nyama zinkapatsidwa mlingo waukulu kuposa umene munthu angapirire, zinali zazing'ono ndi zathanzi, ndipo ofufuza ankayeza kwambiri chipsera cha mkati pamene mwa anthu kufwanyala kwa mtsempha wonse kunali ndi gawo lalikulu.

Chimene chinachepetsa vutoli ndi stent, kawaya koluka kooneka ngati kachubu kamene kamatsala mumtsempha n'kuugwira kuti usafwanyale. Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne anaika ma stent oyamba m'mitsempha ya mtima ya anthu mu 1986, patangopita miyezi yochepa Grüntzig atamwalira. Mu 1994 kafukufuku wa BENESTENT anapeza kuti restenosis inatsika kuchoka pa 32 kufika pa 22 pa 100 alionse. Chipsera cha mkati chinali chikadalipo, choncho anapanga stent yopakidwa mankhwala oletsa maselo kuchulukana, monga sirolimus. Iyi inayesedwa pa nkhumba isanafike kwa anthu, ndipo inaloledwa ku Ulaya mu 2002 ndi ku America mu 2003. Ndi stent yotereyi, restenosis inatsika kufika pansi pa 10 pa 100 mwa odwala ambiri.

Banja ndi imfa

Grüntzig ndi mkazi wake woyamba Michaela anali ndi mwana wamkazi mmodzi. Banjali linatha iye atasamukira ku America, ndipo mu 1983 anakwatira Margaret Anne Thornton, amene ankaphunzira udokotala ku Emory. Ankakonda magalimoto othamanga ndi kuyendetsa ndege, ndipo anagula ndege yakeyake ya mtundu wa Beechcraft Baron. Pa 27 Okutobala 1985 iye ndi mkazi wake ankachokera kugombe la nyanja ku Georgia kubwerera ku Atlanta nyengo ili yoipa. Ndegeyo, imene ankayendetsa yekha, inagwa pafupi ndi tauni ya Forsyth ndipo onse awiri anafera pomwepo. Anaikidwa m'manda mumzinda wa Macon. M'chaka chomwecho munamwaliranso Charles Dotter, Mason Sones ndi Melvin Judkins, akatswiri atatu amene ntchito yawo inatsegula njira ya Grüntzig.

Asanamwalire anali akukonza kafukufuku woyerekeza angioplasty ndi opaleshoni ya bypass mwa odwala okhala ndi mitsempha ingapo yopanikizika. Anzake ku Emory anaupitiriza ndi odwala 392 ndipo zotsatira zinatuluka mu 1994. Patapita zaka zitatu chiwerengero cha omwalira chinali chofanana m'magulu awiriwo, koma a gulu la baluni ankabwerera kuchipatala kawirikawiri kudzathandizidwanso, makamaka chifukwa cha restenosis. Malo othandizira odwala mtima ku Emory anapatsidwa dzina lake.

Kufunika kwa ntchito yake ku Malawi

Masiku ano anthu mamiliyoni padziko lonse amathandizidwa ndi baluni ndi stent chaka chilichonse, ndipo njirayi ndi imene imapulumutsa ambiri amene mtsempha wa mtima watsekeka mwadzidzidzi. Komabe imafuna chipinda chapadera chojambulira, madokotala ndi anamwino ophunzitsidwa, zipangizo zodula, ndiponso mankhwala oletsa magazi kuundana amene wodwala amamwa kwa miyezi yambiri. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna thandizo lapadera la mtima akhala akutumizidwa kapena kupita okha ku India ndi ku South Africa, ndipo ndi ochepa amene angakwanitse.

Zinthu zimene zimawononga mitsempha zikupezeka kwambiri m'dziko muno. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Pakati pa 2013 ndi 2016, bungwe la MEIRU, limene limagwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, linayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga. Pafupifupi 15,000 mwa iwo anali a ku Area 25. Kumeneko amayi 44 pa 100 ndi abambo 18 pa 100 anali onenepa kupitirira muyeso, ndipo abambo 16 pa 100 ndi amayi 14 pa 100 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. M'madera awiriwo, oposa theka la amene anapezeka ndi vutoli sankadziwa kuti ali nalo. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2018.

Kwa munthu wa ku Area 25, Kawale kapena Chinsapo, thandizo limene lili pafupi ndi kuyezetsa BP ndi shuga pa chipatala chaching'ono cha m'dera lake, kumwa mankhwala mosadumphitsa, kuchepetsa mchere ndi kusiya fodya. Amene akumva kupanikizika pachifuwa akamayenda amafunika kukaonedwa msanga, ndipo ngati pakufunika amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital. Baluni ndi stent zimatsegula malo amodzi opanikizika, pamene matendawo amakhudza mitsempha yonse ya m'thupi, choncho ngakhale amene waikidwa stent amapitiriza kumwa mankhwala ndi kupewa zinthu zomwezi kwa moyo wake wonse.